Plazima ya Pakati pa Mbale Ziwiri: Mmene Masamu Amawongolera Makina Ogoba Silikoni

Tchipi ya silikoni imene imasunga zithunzi ndi mauthenga m'foni imadutsa m'makina ambirimbiri isanatuluke m'fakitale, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyo limachitikira m'chibokosi chachitsulo chotsekeka bwino, chimene achipopa mpweya mpaka kutsala wochepa zedi. M'katimo muli mbale ziwiri zachitsulo zoyang'anizana, zotalikirana masentimita 2 kapena 3, ndipo pa mbale yapansi amagonekapo chimbale chopyapyala cha silikoni chotchedwa wefa, chimene m'mafakitale amakono chimakhala cha mamilimita 300 m'mimba mwake. Akalowetsa mpweya wosankhidwa bwino, monga argon, CF4 (mpweya wa kaboni ndi fluorine) kapena okosijeni, n'kulumikiza mbalezo ku magetsi osinthasintha mbali mofulumira kwambiri, mpweyawo umayamba kuwala ndipo umasanduka plazima. Akatswiri amaitcha capacitively coupled plasma, mwachidule CCP, chifukwa mphamvu ya magetsi imalowa m'mpweyawo monga mmene imadutsira m'kapasita, kachipangizo ka mbale ziwiri zosakhudzana kosunga magetsi. Makina ake ndi osavuta kuwajambula papepala, koma zochitika pakati pa mbale ziwirizo zatangwanitsa akatswiri a fizikisi ndi a masamu kwa zaka zoposa 50.

Plazima ndi mpweya umene ena mwa maatomu ake alandidwa elekitironi, kotero kuti mumakhala maelekitironi oyendayenda paokha okhala ndi mphamvu ya negetivu, komanso maayoni, amene ndi maatomu otsala ndi mphamvu ya pozetivu. Dzinali analipereka Irving Langmuir mu 1928, akugwira ntchito kukampani ya General Electric mumzinda wa Schenectady ku America. M'makina a CCP maatomu olandidwa elekitironi ndi ochepa kwambiri, nthawi zambiri osafika limodzi pa maatomu 10,000 alionse, ndipo chodabwitsa chake chili pa kutentha. Maelekitironi amakhala ndi mphamvu ya ma eV 2 mpaka 5 (eV ndi muyeso wa mphamvu ya tinthu ting'onoting'ono totere), imene ikufanana ndi kutentha kwa madigiri oposa 20,000, pamene mpweya wonsewo umangofunda pang'ono. Phindu lonse la njirayi lagona pamenepa, pakuti maelekitironi otenthawo amatha kuphwanya mamolekyu olimba monga CF4 n'kutulutsa maatomu a fluorine olusa kwambiri, koma wefa yosalimbayo osasungunuka kapena kuwonongeka ndi moto.

Magetsi amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri amasintha mbali pa liwiro la 13.56 MHz, kutanthauza kuzungulira ka 13.56 miliyoni pa sekondi, limene malamulo a mawailesi padziko lonse analipatulira ntchito za mafakitale, za sayansi ndi zachipatala. Kuzungulira kumodzi kumatenga pafupifupi mananosekondi 74 (nanosekondi ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a sekondi). Ayoni ya argon imalemera kuposa elekitironi pafupifupi ka 73,000, choncho maelekitironi amatsatira kusintha kulikonse kwa magetsiwo pamene maayoni, chifukwa cha kulemera, amangomva kukoka kwapakatikati. Popeza maelekitironi ndi aliwiro, amathawira msanga kumakoma ndi kumbale, n'kusiya plazima yonse ili ndi voteji yokwera kuposa chitsulo chilichonse choizungulira. Pafupi ndi mbale iliyonse pamabadwa kampata kopyapyala, kosaoneka kowala ngati pakati, ka mamilimita ochepa kapena kufika sentimita, kamene amakatcha sheath. M'kampata kameneka maelekitironi ndi ochepa, ndipo voteji yonse, mwina mavoti mazana angapo, imagwera momwemo. Ayoni ikangofika m'mphepete mwa sheath imakokedwa molunjika n'kukamenya wefa chamutu, osati champhepete. Munthu akamvetsa sheath, wamvetsa theka la nkhani ya CCP.

Kuti maayoni amenye wefa mwamphamvu kuposa mmene amamenyera makoma, mbale yonyamula wefa imakhala yaing'ono poyerekeza ndi zitsulo zonse zolumikizidwa kunthaka, monga mbale inayo ndi makoma, ndipo pakati pa mbaleyo ndi jenereta amaikapo kapasita imene imatchinga magetsi oyenda mbali imodzi. Zotsatira zake n'zakuti mbale yaing'onoyo imadzipezera yokha voteji ya negetivu yokhazikika. Mu 1970 Koenig ndi Maissel a kukampani ya makompyuta ya IBM anawerengera kuti kusiyana kwa voteji kuyenera kutsatira kusiyana kwa kukula kwa mbale kochulukitsidwa kokha kanayi, kutanthauza kuti mbale ina ikakula kawiri, voteji ya pa mbale yaing'ono iyenera kuposa ya inzake ka 16. Anthu atayeza m'makina enieni anapeza kuti kusiyanako n'kochepa kwambiri, nthawi zambiri kosafika ngakhale ka 6. Masamuwo sanali olakwika, koma anakhazikika pa maganizo akuti maayoni sagundana ndi maatomu ena m'sheath ndiponso kuti plazima ndi yofanana paliponse, zinthu zimene sizichitika m'makina ambiri. Nkhani imeneyi ndi yakale, komabe vuto lake likadalipo m'modelo iliyonse yolembedwa lero, kutanthauza masamu oyerekezera zochitika m'makinawo.

Chifukwa chimene opanga matchipi amafunira maayoni olunjika chinaoneka poyera mu 1979, pamene John Coburn ndi Harold Winters a ku IBM ku San Jose anachita kafukufuku amene aliyense wophunzira nkhaniyi amamudziwa. Anathira mpweya wa XeF2, umene uli ndi fluorine, pa silikoni, ndipo silikoniyo inadyeka pang'onopang'ono. Anaimenya ndi maayoni a argon okha a mphamvu ya ma eV 450, ndipo inadyekanso pang'ono chabe. Ataphatikiza ziwirizo nthawi imodzi, liwiro la kudyeka linakwera pafupifupi ka 10. Zili ngati kukonola chimanga: madzi okha sachotsa gaga, munsi wokha pa chimanga chouma umavutika, koma chimanga chikawazidwa madzi n'kusinjidwa, gaga amachoka msanga. Fluorine amamatirira pa silikoni, ayoni imamenya n'kumasula maatomuwo, ndipo zonse zimauluka ngati mpweya wa SiF4 umene pampu imakokera kunja. Popeza maayoni amagwa cholunjika, pansi pa dzenje ndi pamene pamadyeka msanga pamene makoma ake amatsala chiimire, ndipo ndi mmene amagobera tingalande ndi timayenje tating'ono kwambiri kuposa tsitsi la munthu.

Funso ndi lakuti, ngati zonsezi zikudziwika, masamu a pakompyuta akufunikiranji? Yankho lili pa kuchuluka kwa zinthu zimene injiniya angathe kusintha ndiponso pa kuvuta kwa kuyeza. Pali mtundu wa mipweya ndi kasakanizidwe kake, kupanikizika kwa mpweya kumene kungachoke pa pascal 1 kufika mazana angapo, mphamvu ya jenereta, liwiro la magetsi, mpata wa pakati pa mbale, ndi zipangizo zopangira makoma, ndipo chimodzi chikasunthidwa zina zonse zimasunthanso. Kawaya koyezera kotchedwa Langmuir probe kakalowa m'plazima kamasokoneza chimene kakuyezacho, ndipo m'mipweya yopangira matchipi kamakutidwa msanga ndi zinyalala. Makina a m'fakitale nthawi zambiri alibe mawindo okwanira oti n'kusuzumirapo, komanso kuimitsa makina otere kuti ayeserepo maganizo atsopano kumadya ndalama zambiri. Chimene injiniya amafunitsitsa kudziwa, chomwe ndi chiwerengero cha maayoni ofika pa wefa, mphamvu zawo ndi kupendekeka kwa njira zawo, ndi chimenenso chili chovuta kwambiri kuchiyeza. Modelo imalowa pamenepo.

Mamodelo oyambirira anali a pensulo ndi pepala. Valery Godyak, amene anayamba ntchitoyi ku Moscow asanasamukire ku America, ndi Michael Lieberman wa ku University of California ku Berkeley anaonetsa mmene sheath imafutukukira ndi kufupika pa kuzungulira kulikonse kwa magetsi, ndipo masamu a Lieberman a mu 1988 akugwiritsidwabe ntchito. Mamodelo otere, pamodzi ndi ena amene amatenga plazima yonse ngati chinthu chimodzi chofanana paliponse, amapereka yankho m'masekondi ochepa, ndipo ndi abwino podziwa kumene zinthu zikulowera. Kenaka kunabwera mamodelo amene amatenga maelekitironi ndi maayoni ngati timadzi tiwiri toyenda mosakanikirana, monga a David Graves ndi Klavs Jensen mu 1986 ndi a Jean-Pierre Boeuf wa ku France mu 1987. Amenewa amatha kunyamula makina athunthu ndi mipweya yambiri, koma amafuna kuti wowalemba aneneretu mmene mphamvu zagawikira pakati pa maelekitironi.

Apa ndi pamene pali msampha. Mu 1990 Godyak ndi Robert Piejak anayeza maelekitironi m'plazima ya argon pa 13.56 MHz, ndipo anapeza kuti mpweya ukachepa kwambiri maelekitironi amagawika magulu awiri: gulu lalikulu lozizira lotsekeredwa pakati, ndi kagulu kochepa kotentha kamene ndi kamene kamagwira ntchito yolanda maatomu maelekitironi. Mpweya ukachuluka, magulu awiriwo amasowa. Chifukwa chake n'chakuti pa mpweya wambiri maelekitironi amatentha pogundana ndi maatomu, pamene pa mpweya wochepa amatentha makamaka pokankhidwa ndi m'mphepete mwa sheath pamene ikufutukuka, n'kuthamanga mtunda wautali osagunda kanthu. Elekitironi yotere imakagwira ntchito kutali ndi kumene inatengera mphamvu, ndipo modelo imene imaganiza kuti mphamvu ya elekitironi imadalira magetsi a pamalo pamene ilipo imasochera.

N'chifukwa chake njira yotchedwa particle-in-cell, mwachidule PIC, inatchuka. Charles Birdsall ndi ophunzira ake ku Berkeley anaisinthira ku plazima ya m'makina otere cha m'ma 1990, ataiphatikiza ndi njira ya Monte Carlo yowerengera kugundana pochita maere. Kompyuta siingatsate tinthu tonse, popeza m'kachidutswa ka sentimita imodzi mbali zonse mungakhale maelekitironi 10 biliyoni, choncho imatsata tinthu masauzande kapena mamiliyoni ochepa, kalikonse koimira tinzake tambirimbiri. Mpata wa pakati pa mbale umadulidwa tizigawo. Pa sitepe iliyonse kompyuta imawerenga mphamvu ya magetsi imene ili m'kachigawo kalikonse, imapeza kukoka kumene mphamvuyo ikubweretsa, imasuntha kanthu kalikonse pang'ono, kenaka imachita maere kuti ione amene agundana ndi atomu ndi chimene chatsatira kugundanako. Ikatero imabwerezanso. Kuvuta kwake n'kwakuti tizigawoto tiyenera kukhala tating'ono kuposa mtunda wotchedwa Debye length, kumene kukoka kwa kanthu kamodzi kumathera mphamvu m'plazima, umene m'plazima yotere ungakhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, ndipo sitepe ya nthawi iyenera kufupika kwambiri moti kuzungulira kumodzi kwa mananosekondi 74 kumadulidwa masitepe mazana kapena masauzande. Plazima imakhazikika pakatha kuzungulira masauzande ambiri. Kuwerengera mzere umodzi wokha wochokera pa mbale ina kufika pa inzake kumatheka pa kompyuta wamba, koma makina enieni okhala ndi m'mbali ndi m'makona amatha kudya masiku kapena milungu pa makompyuta amphamvu. Pofuna kuchepetsa mtolowu, Mark Kushner, poyamba ku University of Illinois kenaka ku University of Michigan, anamanga Hybrid Plasma Equipment Model, imene imagwiritsa ntchito njira ya timadzi pamene ikukwanira ndi njira ya tinthu pamene ikufunikadi, ndipo makampani opanga makina a matchipi akhala akuigwiritsa ntchito.

Ntchito imene ine ndimaiona kuti ikuonetsa bwino phindu la mamodelo ndi nkhondo yolekanitsa chiwerengero cha maayoni ndi mphamvu zawo. M'makina a jenereta imodzi, ukakweza voteji kuti maayoni achuluke ndi ntchito ifulumire, umakwezanso mphamvu imene amamenyera, ndipo ukhoza kuwononga zosanjikiza zosalimba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 akatswiri a ku Japan anayamba kugwiritsa ntchito majenereta awiri, ina ya liwiro lalikulu monga 27 kapena 60 MHz yochulukitsa plazima, ina ya liwiro lochepa monga 2 MHz yokankha maayoni. Njirayi inalowa m'mafakitale, koma mamodelo a PIC ndi zoyeza zinaonetsa kuti majenereta awiriwo salekana kwenikweni, chifukwa voteji ya liwiro lochepa imasintha kukula kwa sheath imene ya liwiro lalikulu ikuigwedeza, komanso imachulukitsa maelekitironi otuluka m'mbale maayoni akamenya.

Mu 2008 Brian Heil, Uwe Czarnetzki, Ralf Peter Brinkmann ndi Thomas Mussenbrock a ku Ruhr University ku Bochum, ku Germany, anabwera ndi ganizo limene linabadwira m'masamu lisanaonekere m'makina. Anati ngati mbale ipatsidwa 13.56 MHz pamodzi ndi 27.12 MHz, liwiro lowirikiza ndendende, ndipo mafunde awiriwo akasunthidwa pang'ono pa nthawi yoyambira, nsonga yapamwamba ya voteji imasiyana ndi yapansi, ndipo voteji yokhazikika ija imabadwa ngakhale mbale ziwirizo zili zofanana kukula. Zoltán Donkó wa ku Budapest anatsimikiza ganizoli ndi PIC, ndipo Julian Schulze ndi anzake analiona m'makina enieni: mphamvu ya maayoni inkasintha pafupifupi kawiri pamene chiwerengero chawo chinkangosuntha pang'ono. Kuchokera apo kwakula gawo lonse la kafukufuku woumba maonekedwe a funde la voteji mwadala, pophatikiza maliwiro angapo, kuti maayoni afike ndi mphamvu imene ntchito ikufuna. Ndikuona kuti palibe injiniya amene akanapeza njira imeneyi pongopotokola makina mwamwayi.

CCP siigoba chabe, imayalanso. Akalowetsa mipweya ya silane ndi ammonia, plazima imayala silicon nitride pa kutentha kwa madigiri 300 mpaka 400, pamene njira ya moto wokha imafuna oposa 700. Mtundu wabuluu wa maselo ambiri a mapanelo a sola umachokera ku kansalu ka silicon nitride ka mananomita pafupifupi 80 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita) koyalidwa ndi plazima kuti kuwala kusabwerere. Magalasi a ma TV amayalidwanso chimodzimodzi, ndipo aakulu kwambiri amafika mamilimita 2,940 m'lifupi ndi 3,370 m'litali. Pa kukula kotere kumabuka vuto lina. Funde la 13.56 MHz limatalika mamita 22 pamalo opanda kanthu ndipo la 60 MHz mamita 5, koma pakati pa mbale zokhala ndi plazima limafupika kangapo. Mu 2002 Lieberman, Jean-Paul Booth, Pascal Chabert, Jean-Marcel Rax ndi Miles Turner anaonetsa m'masamu kuti mbale ikakula kapena liwiro likakwera, voteji imakhala yaikulu pakati n'kumachepa cha m'mphepete, ndipo kansalu koyalidwako kamanenepa kwina n'kupyapyala kwina. Akatswiri a ku Lausanne ku Switzerland anawerengera mbale yogobeka pakati ngati galasi la maso imene imafafaniza kusiyanako, ndipo atayesa zinatheka.

Komabe modelo yokongola siitanthauza modelo yoona, ndipo anthu a ntchitoyi anaphunzira zimenezi movutikira. Pamsonkhano wa Gaseous Electronics Conference mu 1988 anagwirizana zopanga makina amodzi ofanana oti malabotale onse aziyezera, okhala ndi mbale za masentimita pafupifupi 10 zotalikirana masentimita 2.54. Malabotale atayamba kuyerekeza zopeza zawo, anaona kuti ngakhale mawaya ndi zolumikizira za kunja kwa chibokosi zinkasintha plazima ya m'kati. Mapologalamu a pakompyuta nawo, atapatsidwa funso limodzi mu 1995, anapereka mayankho osiyana moonekeratu. Mu 2013 Miles Turner wa ku Dublin City University ndi anzake anatenga mapologalamu 5 a PIC olembedwa ndi anthu osiyana, anawapatsa mafunso 4 a plazima ya helium ofotokozedwa mosasiya kanthu, ndipo anaonetsa kuti mayankho ake akugwirizana, kupatula kusiyana kochepa kobwera ndi maere okha. Lero wolemba pologalamu yatsopano amayamba waiyesa pa mafunso amenewo. Ntchito yotereyi siitchukitsa munthu, koma ndimailemekeza kuposa zithunzi zambiri zamitundumitundu zimene zimatuluka m'makompyuta.

Kuyesako kumangotsimikiza kuti kompyuta yawerenga masamu molondola. Sikutsimikiza kuti manambala amene inapatsidwa ndi oona, ndipo kufooka kwenikweni kwa lero kuli pamenepo. Modelo iliyonse imafuna kudziwa mwayi woti elekitironi ya mphamvu yakutiyakuti igunde molekyu n'kuiphwanya. Pa argon ndi helium manambalawa ndi odalirika ndithu, ndipo amapezeka poyera m'nkhokwe ya pa intaneti yotchedwa LXCat, koma pa zidutswa zambirimbiri zimene zimabadwa mpweya wogobera wa C4F8 ukaphwanyika, ambiri mwa iwo ndi ongoyerekeza. Pa makoma zinthu zimaipirapo. Kwa zaka zambiri olemba mamodelo ankangoika kuti maayoni 10 alionse omenya mbale amatulutsa elekitironi imodzi, koma Arthur Phelps ndi Zoran Petrović anaonetsa mu 1999 kuti nambalayi imasintha kwambiri potengera mphamvu ya ayoni ndiponso ngati chitsulocho chili choyera kapena chokutidwa ndi okosijeni. Maelekitironi otuluka m'mbalewa amakokedwa ndi voteji yonse ya sheath, choncho amalowa m'plazima ndi mphamvu yaikulu ndipo angathe kusintha khalidwe la plazima yonse. M'makina a m'fakitale makoma amasintha wefa iliyonse ikadutsa, chifukwa zogobedwa ndi zoyalidwa zimamatirira pamenepo.

Kumene zonsezi zikuyesedwa mwamphamvu lero ndi m'matchipi osungira zinthu otchedwa 3D NAND. Samsung inayamba kuwagulitsa mu 2013 ali ndi zosanjikiza 24, ndipo panopa makampani angapo adutsa zosanjikiza 200. Kuti apange tchipi yotere amayala silicon oxide ndi silicon nitride mosinthanasinthana, kenaka amagoba timayenje mabiliyoni ambiri pa wefa imodzi, kalikonse ka mananomita pafupifupi 100 m'mimba mwake koma kozama kuposa kukula kwake koposa ka 50. Ayoni imene yapendekeka ndi digiri imodzi kapena ziwiri siifika pansi pa dzenje lotere, imakagunda khoma n'kulikulitsa pakati. Makoma a dzenjelo salola magetsi kudutsa, choncho amaunjika mphamvu ya pozetivu imene imabweza kapena kupotoza maayoni obwera pambuyo, ndipo dzenje limatha kukhota. Pofuna kuthana ndi zimenezi opanga makina akweza mphamvu ya maayoni kufika ma eV masauzande, atsitsa liwiro la jenereta yachiwiri kufika mazana ochepa a kHz, pansi pa 1 MHz, ndipo amazimitsa ndi kuyatsa magetsi mofulumira kuti mphamvu younjikana ija ichoke. Wowerengera ntchito imeneyi ayenera kulumikiza modelo ya chibokosi cha theka la mita ndi ina ya dzenje la mananomita, komanso nthawi ya mananosekondi ndi ya mphindi zambiri zogobera, ndipo chimene modelo yoyamba yalakwitsa pa kupendekeka kwa maayoni, yachiwiri imachilandira n'kuchikulitsa mpaka pansi pa dzenje.